Zigumu za amayi ake a William

Chaka cha sukulu ku Mozambique chimayamba nthawi yoipa. Masabata amene makolo akufunika kugula makope, zolembera ndi yunifolomu ndi omwewonso amene nkhokwe zambiri zafika pansi, chimanga chatsopano chikadali m'munda chisanakhwime. Mphunzitsi wa ku Sanga, wa ku Lago kapena wa m'mbali mwa mzinda wa Lichinga safunika kuuzidwa zimenezi. Amaona mwana akusinza ola lachiwiri lisanathe. Amaonanso munthu amene amabwera kudzapepesa kuti kope lipezeka sabata yamawa: kawirikawiri amakhala mayi, khanda kumsana, ndalama zochepa atazimanga pansonga ya chitenje.

Mayi wotereyu alimo mufilimu yotchuka ya The Boy Who Harnessed the Wind, imene idatuluka m'chaka cha 2019 ndipo imapezeka pa Netflix. Aphunzitsi a makalasi a zilankhulo ziwiri ali ndi chifukwa chomveka choifunira. Ndi imodzi mwa mafilimu ochepa amene adafika padziko lonse anthu ake akulankhula chilankhulo chimene mwana wa ku Metangula kapena ku Cóbuè angachimve popanda womasulira. Nkhani yake ndi ya sukulu, ya fizi, ya laibulale ndi ya sayansi. Koma amene akuganiza zoionetsa kwa ophunzira kapena pamsonkhano wa ZIP achita bwino kuyamba aona kaye mmene filimuyi idachitira ndi mayi uja.

Nkhaniyi ndi yoona. William Kamkwamba adabadwa mu 1987 ndipo adakulira m'mudzi wa Masitala ku Wimbe, m'boma la Kasungu ku Malawi. Pa njala ya 2001 ndi 2002 adasiya sukulu ya sekondale ya Kachokolo chifukwa makolo ake adalephera kulipira fizi. Adayamba kubwereka mabuku kulaibulale yaing'ono, adapezamo buku lotchedwa Using Energy lokhala ndi chithunzi cha makina oyendera mphepo pachikuto, ndipo ali ndi zaka 14 adamanga ake pogwiritsa ntchito njinga ya bambo ake, mapaipi, mitengo ya bulugamu ndi zitsulo zotola kudzala. Mu 2007 adakalankhula pamsonkhano wa TED ku Arusha, mu 2009 adatulutsa buku la mbiri yake mothandizana ndi mtolankhani Bryan Mealer, ndipo mu 2014 adamaliza maphunziro ku Dartmouth College ku America. Filimu idatengedwa m'buku limeneli. Adaikonza ndi Chiwetel Ejiofor, amene akuseweranso ngati bambo Trywell. Maxwell Simba wa ku Kenya ndiye William, Lily Banda wa ku Malawi ndiye mlongo wake Annie, ndipo Aïssa Maïga ndiye mayi Agnes.

Zabwino za filimuyi sizosowa. Idajambulidwa ku Kasungu komweko, ndipo dothi, nyumba, msika ndi mitambo ndi zenizeni. Idagawidwa m'zigawo zotsata ulimi, kuyambira kufesa mpaka kukolola, kenako njala, kenako mphepo, ndipo mitu ya zigawozo idalembedwa m'Chichewa. Simaonetsa njala ngati tsoka longogwa kumwamba. Mitengo ikugulitsidwa kwa eni esiteti ya fodya, madzi akusefukira, kenako mvula ikudula. Mfumu ikuimirira pamsonkhano wa pulezidenti kupempha kuti boma likonzekere, ndipo ikumenyedwa. Izi zikugwirizana ndi zimene zidachitika: chimanga chosungira dziko chidali chitagulitsidwa, ndipo boma la Bakili Muluzi lidalengeza kuti dziko lili pangozi mu Febuluwale 2002, anthu atayamba kale kufa. Mwana woonera filimuyi angaphunzire kuti njala ili ndi eni ake.

Agnes wa mufilimu si munthu wofooka. Maïga akumusewera ndi nkhope yosalankhula zambiri koma yoona zonse. Amuna ake ali kutali, anthu anjala akulowa pakhomo ndi kusesa chakudya chimene chidatsala. Amene akuima pakati pa akubawo ndi ana ndi iye. Banja likagwirizana kuti lizidya kamodzi patsiku, amene akuyeza ufawo ndi iye. Annie akamudandaulira, mayiyo akumuyankha mwaukali wochokera m'chikondi, kuti angalolere kudula chiwalo chake kuti mwana wake adye. Pamalo ena akufotokoza kuti iye ndi Trywell pokwatirana adalonjezana kuti sadzakhala anthu ongopempherera mvula, kuti ana awo adzapita kusukulu. Ndipo pamapeto, William akapempha njinga ya bambo ake kuti aiphwasule, bamboyo n'kukana mwaukali, amene akutembenuza mtima wa mwamuna wake ndi Agnes, pomuwerengera zonse zimene wataya chifukwa chomutsatira: makolo ake, munda, ndipo tsopano mwana wamkazi. Popanda mawu amenewo njinga ikadakhalabe njinga.

Choncho sitinganene kuti filimu idamunyoza. Idamupatsa misozi, idamupatsa mawu olemera. Chimene idamumana ndi ntchito yake, ndipo apa ndi pamene buku ndi filimu zasiyana kwambiri.

M'buku, William akufotokoza kuti ufa utatsala pang'ono kutheratu, makolo ake adaganiza zouyesa mpamba. M'malo mophika nsima ndi ufa wotsirizawo, mayi ake ankapanga tizigumu n'kukagulitsa kumsika, khanda lobadwa m'njala momwemo, Tiyamike, lili kumsana. Ndalama zake ankagulira ufa wina: gawo lina la tizigumu ta mawa, gawo lina la nsima imodzi ya usiku umenewo. M'mawa mwake ankayambiranso. Mtengo wa chimanga unkakwera, ogula ankachepa mphamvu ndi ndalama, phindu linkafota, koma gudumu laling'onoli lidapitiriza kuzungulira. Banjalo lidali ndi ana asanu ndi awiri, William yekha wamwamuna. Filimu idachepetsa anawo, ndipo msika wa mayiyu sudapatsidwe malo ake.

Pali chinanso chachikulu. Mufilimu, makina a William akupopa madzi m'chitsime, madziwo akuthirira munda nthawi yachilimwe, ndipo mudzi ukupulumuka. Woonera amatuluka akukhulupirira kuti njala idathetsedwa ndi mphepo. Sizidali choncho. Makina oyamba a William adamangidwa njala itadutsa kale, ndipo ntchito yake idali kuyatsa mababu m'nyumba ndi kuliza wailesi. Zopopa madzi zidabwera patapita zaka, thandizo la kunja litayamba kufika. Kunena mosabisa, chimene chidasunga moyo wa mnyamata amene adadzamanga makinawo chidali nsima imodzi patsiku, ndipo nsimayo inkachokera m'lichero la zigumu la amayi ake.

Okonza mafilimu ali ndi ufulu wosintha ndondomeko ya zinthu, ndipo aliyense akumvetsa chifukwa chake. Chitsulo chozungulira pamwamba pa nsanja, madzi akutuluka mupaipi, anthu akuvina, ndi chithunzi chokoma kuposa mayi amene akuwerenga makobiri madzulo aliwonse. Koma kusinthaku kuli ndi mtengo, ndipo akulipira ndi Agnes. Luso lonse lapita kwa mnyamata ndi buku lake. Kwa mayi kwatsala kupirira. Mawu akuti kupirira ndi okoma kumva, ndipo amatchulidwa kwambiri pa 7 Epulo, tsiku la amayi a ku Mozambique. Koma nthawi zambiri amabisa zinthu ziwiri. Amabisa nzeru zimene mayiyo wagwiritsa ntchito, ngati kuti iye wangolimba khosi basi. Amabisanso funso loti n'chifukwa chiyani munthu mmodzi ayenera kupirira kambirimbiri chonchi. Pa funso lachiwirili filimu yayesetsa. Pa loyambali yagwa.

Taganizirani zimene mayi wogulitsa zigumu, mandasi kapena mbatata pamsika wa ku Lichinga amawerengera tsiku lililonse. Ayenera kudziwa mpamba wake, osaudya. Ayenera kudziwa kuti ufa ukakwera mtengo, achepetse kukula kwa chigumu kapena akweze mtengo wake, ndipo adziwe kuti ogula ake angalolere chiti. Ayenera kuchotsera nkhuni, mafuta ndi msonkho wa pamsika. Ayenera kusunga gawo la xitique, chipereganyu chija chimene amayi amasonkha ndi kulandira mosinthana, chifukwa tsiku lake lolandira ndilo lidzagule makope. Ayenera kukumbukira amene adatenga pangongole popanda kulemba paliponse. Awa ndi masamu ochotsera, ochulukitsa, ogawa ndi oyerekeza, ndipo amachitika m'mutu, m'Chinyanja, m'Chiyao kapena m'Chimakua, manambala ake nthawi zambiri akutchulidwa m'Chipwitikizi. Mayi ameneyu akafika kusukulu amadzitchula yekha kuti ndi wosaphunzira, ndipo sukulu kawirikawiri imamuvomera.

Apa nkhani ya mayi ikukumana ndi nkhani ya chilankhulo. Filimuyi ili m'zilankhulo ziwiri, Chichewa ndi Chingerezi, ndipo aphunzitsi achita bwino kutchera khutu kuti amve chilankhulo chilichonse chapatsidwa ntchito yanji. Pakhomo zilankhulozi zimasakanikirana, koma kawirikawiri kulira, kukangana, kulima ndi maliro zili m'Chichewa, pamene kalasi, laibulale ndi sayansi zili m'Chingerezi. Sikuti Ejiofor adanama. Masukulu a sekondale ku Malawi amaphunzitsadi m'Chingerezi, monga a ku Mozambique amaphunzitsira m'Chipwitikizi. Vuto ndi lakuti filimu ikuonetsa mpandawu ngati wachilengedwe, osaufunsa. Mwana wa kalasi yachinayi ku Lago akhoza kutolapo phunziro limene palibe adafuna kumupatsa: kuti chilankhulo cha amayi ake n'cha njala, ndipo cha mabuku n'cha magetsi.

Chodabwitsa n'chakuti mbiri ya William yeniyeniyo ikutsutsa phunziro limeneli. Iye mwini wanenapo poyera kuti Chingerezi sankachiwerenga bwino nthawi imeneyo. Ankayang'ana zithunzi ndi zojambula za m'buku, n'kumafufuza mawu oyandikana nazo, ena n'kumafunsa mayi woyang'anira laibulale. Kuganiza kwake, kufunsana kwake ndi anzake Gilbert ndi Geoffrey, kufotokozera kwake anthu amene ankamuseka kuti wachita misala, zonse zinkachitika m'Chichewa. Popeza chinthu chimene ankamanga chidalibe dzina m'chilankhulo chake, adachipatsa yekha: magetsi a mphepo. Aphunzitsi amene amakhala pansi kusakasaka mmene angatchulire "fracção" kapena "evaporação" m'Chinyanja adziwa kuti imeneyi si ntchito yaing'ono. Mnyamata wosiya sukulu adaichita bwino, ndi mawu awiri amene agogo aliyense angawamve. Filimu yonena za iyeyo ikadatha kukhalitsa pamenepo.

Maphunziro a zilankhulo ziwiri m'dziko lino adayamba ndi Chinyanja chomwechi. Ntchito yoyesera ya PEBIMO, imene idachitika kuyambira 1993 mpaka 1997, idaphunzitsa ana m'Chinyanja ndi Chipwitikizi ku Tete, ndiponso m'Chichangana ndi Chipwitikizi ku Gaza. Kuyambira 2003 njirayi idalowa m'masukulu ena a boma, ndipo ku Niassa ikukhudza Chinyanja, Chiyao ndi Chimakua. Cholinga chake chimatchulidwa kawirikawiri kuti n'chakuti mwana awerenge msanga ndi kuwolokera bwino ku Chipwitikizi. N'zoona. Koma pali phindu lina limene silitchulidwa mokwanira: kalasi ikamalankhula chilankhulo cha pakhomo, mayi amatha kulowamo. Amatha kumva zimene mwana akuwerenga madzulo, kufunsa mphunzitsi popanda kuchita manyazi, ngakhale kukonza mawu amene buku lalakwitsa. Ngati chilankhulo chake chalowa m'kalasi koma nzeru zake zatsala panja pa mpanda, ntchitoyo yangofika pakati.

Za kalankhulidwe ka osewera anthu adanena zambiri filimuyi itangotuluka, makamaka ku Malawi. Ejiofor adabadwira ku London kwa makolo a ku Nigeria, Maïga adabadwira ku Dakar n'kukulira ku France, ndipo Chichewa adachita kuchiphunzira chifukwa cha filimuyi. Zimamveka. Mawu ena akukwera pamene akadatsika, ena akutuluka olimba ngati akuwerengedwa papepala. Lily Banda akangotsegula pakamwa khutu limapuma. Ana a m'mphepete mwa nyanja adzaseka malo ena, ndipo asaletsedwe. Dandaulo lakuti mayi wa ku Kasungu akadaseweredwa ndi mayi wa ku Malawi n'lomveka, chifukwa mawu olemera kwambiri a Agnes akudutsa m'kamwa mosazolowera, ndipo mphamvu ina ikutayika panjira. Komabe mphunzitsi amene adatumizidwa ku Niassa kuchokera ku Nampula kapena ku Maputo, n'kuphunzira Chinyanja kapena Chiyao ali wamkulu kale, asafulumire kuseka nawo. Ana amamumva iyenso chimodzimodzi. Amamukhululukira msanga, chifukwa amasiyanitsa munthu wopunthwa poyesa chilankhulo chawo ndi munthu wochinyansidwa nacho. Ejiofor akadatha kujambula zonse m'Chingerezi, monga achitira ambiri, ndipo sadatero.

Aphunzitsi a mufilimu nawonso ndi ofunika kuwayang'ana, ngakhale galasi lake silokoma. Mphunzitsi wamkulu akuthamangitsa William pamaso pa anzake chifukwa cha fizi. Mphunzitsi wa sayansi, a Kachigunda, akulola mnyamatayo kulowa mulaibulale osati chifukwa chomuonera luso, koma chifukwa William wawaopseza kuti aulula chibwenzi chawo ndi Annie. Pamapeto akuthawa ndi mtsikanayo, n'kusiya dayinamo ya njinga ngati chopepesera. Filimu ikuwamasula msanga aphunzitsi amenewa. Amene akutsala ndi bala ndi Agnes, amene adaika chiyembekezo chake chonse pa sukulu, sukuluyo n'kumubwezera mwana mmodzi, mphunzitsi wake n'kumutengera wina. Ku Mozambique fizi ya pulaimale idachotsedwa, ndipo lamulo la maphunziro la 2018 lidati sukulu ndi yokakamiza ndi yaulere mpaka kalasi yachisanu ndi chinayi. Koma kope, yunifolomu ndi zopereka zina zikadalipo, ndipo mmene mphunzitsi amayankhira mayi amene wabwera chimanjamanja mu Febuluwale sizilembedwa m'lamulo lililonse.

Filimuyi ndi yoyenera kuonetsedwa kumene kuli magetsi ndi chipangizo choonetsera, makamaka kwa ophunzira okulirapo, poti zithunzi zina za njala ndi za imfa ya galu Khamba ndi zolemetsa kwa ana aang'ono. Ndi yaitali pafupifupi maola awiri, choncho kuigawa motsata zigawo zake kungathandize. Zigawo za Chingerezi zidzafuna kuti mphunzitsi aziimitsa ndi kufotokoza. Koma isaonetsedwe yokha. Mphunzitsi auze ana zimene filimu idasiya: kuti makina adabwera njala itatha, ndipo m'miyezi yoopsayo banja lidakhalira zigumu. Kenako awafunse, m'chilankhulo chawo, kuti kwawo ndani amachita ntchito imeneyi chakudya chikachepa, ndipo amaichita bwanji. Funsoli lifunsidwe mosamala, popanda kuloza mwana, chifukwa ena mwa iwo adzakhala asanadye tsiku limenelo.

Phunziro la masamu likhoza kuchokera pomwepo. Mayi wagula ufa, shuga ndi nkhuni ndi 200 MT. Wapanga zigumu 50, ndipo akugulitsa chimodzi 5 MT. Zikagulidwa zonse apeza 250 MT, phindu 50 MT. Tsopano zigumu 6 zaphwanyika panjira kapena ana adya. Phindu latsala zingati? Mwana adzapeza kuti latsala 20 MT, ndipo adzamvetsa chifukwa chake amayi ake amakalipa akatola chimodzi m'lichero. Mawa lake ufa wakwera ndi 30 MT: mayiyo achite chiyani kuti mpamba usafe? Funso lomalizali lilibe yankho limodzi, ndipo ana ambiri m'kalasi adzakhala atamva kale mayankho ake pakhomo. Likambidwe kaye m'Chinyanja kapena m'Chiyao mpaka aliyense atsutsepo, kenako mawu akuti lucro, prejuízo ndi capital alembedwe pabolodi pambali pa phindu, kuluza ndi mpamba. Mphunzitsi wolimba mtima akhoza kuitana mayi mmodzi wa pamsika kuti adzayankhe yekha mafunso a anawo, ndipo ngati atero, amulipire nthawi imene wasiya malonda ake.

M'buku lake William akutchula kuti amayi ake ndi Myao, bambo ake Mchewa. Filimu siinena zimenezi. Kwa ana a ku Lichinga, kumene mabanja ambiri amaphika m'chilankhulo china, kupemphera m'china ndi kulemba mayeso m'chinanso, mfundo imeneyi ikhoza kukhala poyambira pabwino pa tsiku lachiwiri la zokambirana: kuwerenga m'kalasimo kuti amayi a mwana aliyense amalankhula zilankhulo zingati, ndipo chilichonse amachigwiritsa ntchito pati.